Mlingo wa mankhwala a mwana ndi momwe thupi lake limawachotsera: mafunso ndi mayankho

Ena mwa mafunsowa amafunsidwa ndi makolo pawindo lolandirira mankhwala, ena ndi ophunzira unamwino amene angolowa kumene mu wodi ya ana. Manambala amene tatchula ndi oti mumvetse chifukwa chake adokotala amalemba zimene amalembazo. Si oti mudzilembere nawo nokha mankhwala kunyumba.

Kodi mwana sangomwa theka la mankhwala a munthu wamkulu?

Ayi. Kale madokotala enieniwo ankachita masamu otere. Panali lamulo lina la Young loti mutenge zaka za mwana n'kuzigawa ndi zaka zomwezo mutaonjezerapo 12, ndiye mwana wa zaka 4 ankalandira kota ya mlingo wa wamkulu, wa zaka 12 theka. Masamu ake ndi osavuta, koma amaphonya pawiri. Khanda longobadwa kumene limachedwa kwambiri kuchotsa mankhwala m'thupi, choncho mlingo wochepetsedwa mwa njira imeneyo ukhoza kulichulukirabe. Mwana wa zaka ziwiri kapena zinayi ndi wosiyana: tikawerengera pa kilogalamu iliyonse, amachotsa mankhwala ambiri msanga kuposa bambo ake, ndipo kumuchepetsera mwachisawawa kumasiya matenda ali moyo. Mwana mmodzi yemweyo amadutsa mbali zonse ziwiri asanayambe n'komwe sukulu ya mkaka.

Kuchotsa mankhwala m'thupi kumene mukunenaku n'kutani?

Taganizirani ndowa yobooka pansi imene mukufuna kuti madzi ake azikhala pa mzere winawake, osatsika, osasefukira. Madzi amene muzithiramo pa ola ayenera kulingana ndi amene akudontha. Bowo likakhala lalikulu muthira ambiri kapena pafupipafupi. Likakhala laling'ono koma inu n'kumathirabe ngati kale, ndowa isefukira.

Madziwo ndi mankhwala a m'magazi. Mzere uja ndi mulingo umene umapha tizilombo kapena kuletsa ululu popanda kuvulaza mwana. Bowo lija ndi ntchito ya impso ndi chiwindi, imene m'chipatala amaitchula kuti clearance, kutanthauza kuchuluka kwa magazi amene thupi limawayeretsa n'kuwachotseratu mankhwala pa mphindi kapena pa ola. Impso zimasefa mankhwala osungunuka m'madzi n'kuwataya mumkodzo. Gentamicin ndi penisilini, mankhwala opha tizilombo, amatuluka choncho. Chiwindi chimayamba chasintha mankhwalawo kuti asanduke chinthu chimene impso kapena ndulu zingathe kutaya. Umu ndi mmene Panado, morphine ndi ma ARV ambiri amachokera. Mlingo wa tsiku ndi tsiku umatsatira kukula kwa bowo, osati kukula kwa ndowa kokha.

Nanga half-life imene imalembedwa m'kapepala ka m'bokosi?

Ndi nthawi imene imadutsa kuti mankhwala a m'magazi atsike ndi theka: pa 100 patsale 50, kenako 25, kenako 12.5. Ikadutsa kanayi kapena kasanu, mankhwala amakhala atatsala pang'ono kutheratu. Chimodzimodzinso mukayamba mankhwala omwa tsiku ndi tsiku, pamafunika nthawi yomweyo kuti akhazikike m'magazi.

Chitsanzo chodabwitsa ndi caffeine, yemweyu wa mu khofi, amene amapatsidwa kwa makanda obadwa masiku asanakwane kuti asamaiwale kupuma. Kwa munthu wamkulu theka lake limachoka pa maola pafupifupi 5. Kwa khanda lotero pamatenga maola oyandikira 100, masiku anayi athunthu.

Impso za khanda zili ndi vuto lanji?

Zilibe vuto, koma sizinakhwime. Timasefa ting'onoting'ono ta mu impso timamaliza kupangika mimba ikafika masabata 34 mpaka 36, choncho wobadwa isanafike nthawi imeneyo amabadwa tina tisanathe. Ngakhale wobadwa pa nthawi yake, impso zake zimasefa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a zimene za wamkulu zimasefa, kapena kucheperapo, ngakhale titaganizira kuchepa kwa thupi lake. M'masabata awiri oyamba mphamvuyo imakwera mofulumira, ndipo imadzafika pa ya wamkulu mwana ali ndi chaka chimodzi kapena ziwiri.

N'chifukwa chake ku nazale anamwino amafunsa kuti khanda lili ndi masiku angati, osati miyezi. Malangizo a bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO pa gentamicin amati sabata yoyamba khanda lobadwa ndi sikelo yotsika lilandire mamiligalamu 3 pa kilogalamu kamodzi pa tsiku, lobadwa ndi sikelo yabwino mamiligalamu 5, ndipo likadutsa sabata imodzi mamiligalamu 7.5. Ampicillin naye ndi mamiligalamu 50 pa kilogalamu, koma sabata yoyamba amabaya pa maola 12 aliwonse, kuyambira sabata yachiwiri pa maola 8 aliwonse. Mlingo wa ampicillin sunasinthe, chasintha ndi mpata wapakati pa jakisoni ndi mnzake. Khanda la masiku atatu ndi la masiku khumi zikhoza kugona moyandikana, zolemera chimodzimodzi, matenda amodzi, koma mapepala awo olembedwa mosiyana, ndipo palibe amene walakwitsa.

Gentamicin akatsalira m'magazi tsiku ndi tsiku osatha, pang'onopang'ono ndi mtolo. Amawononga impso zomwezo zimene zimayenera kumuchotsa, ndiponso amagonthetsa makutu. Impso nthawi zambiri zimachira. Makutu sachira.

Nanga chiwindi cha khanda?

Nkhani yake anthu anaiphunzira ndi maliro. Mu 1959 madokotala a ku America anaona makanda, makamaka obadwa masiku asanakwane, amene ankalandira chloramphenicol akusanza, mimba kutupa, khungu kutuwa ngati phulusa, thupi kuzizira, kenako kumwalira patangopita masiku ochepa. Mlingo wake pa kilogalamu unali wofanana ndi umene ana okulirapo ankalandira popanda vuto. Chimene chinapezeka n'chakuti chiwindi cha khanda chinali chisanayambe kugwira mokwanira ntchito yomata mankhwalawo ku chinthu china kuti atayidwe mumkodzo, ndiye ankangounjikana. Kuyambira pamenepo palibenso amene amaganiza kuti khanda ndi mwana wamkulu wochepetsedwa.

Chovuta n'chakuti ma enzyme a m'chiwindi, tinthu timene timasintha ndi kuphwanya mankhwala, sakhwima tsiku limodzi. Ena amadzuka m'masiku oyamba, ena amatenga miyezi. Amene amaphwanya caffeine ali m'gulu la ochedwa kwambiri. Amene amachotsa morphine amachedwanso, n'chifukwa chake khanda limapatsidwa morphine wochepa kwambiri, motalikiranitsa, ndipo anamwino amaliyang'anitsitsa kapumidwe. Panado khanda limamuchotsa makamaka kudzera njira ina yosiyana ndi imene wamkulu amadalira, ndipo lobadwa masiku asanakwane limafuna mpata wautali pakati pa milingo. Palibe nambala imodzi imene mungachulukitse nayo mankhwala onse. Aliwonse ali ndi njira yawo yotulukira, ndipo funso limakhala lakuti njirayo yatseguka kufika pati pa msinkhu umenewu.

Mwati mwana wa zaka ziwiri amafuna mankhwala ochuluka pa kilogalamu kuposa wamkulu. Zikutheka bwanji?

Apa ndi pamene anthu ambiri, ngakhale ena ovala zoyera, amakanika kuvomereza. Mphamvu ya thupi yochotsa mankhwala simakula mofanana ndi sikelo. Chiwindi ndi impso za mwana wamng'ono ndi zazikulu tikaziyerekeza ndi thupi lake lonse, ndipo magazi amadutsamo mothamanga. Katswiri wina dzina lake Max Kleiber anaonetsa mu 1932 kuti nyama zing'onozing'ono zimatentha chakudya msanga pa kilogalamu kuposa zikuluzikulu, mbewa kuposa ng'ombe, ndipo masamu ake omwewo ndi amene akatswiri a mankhwala amagwiritsa ntchito lero kwa ana opitirira zaka ziwiri.

Tiyeni tiwerenge. Mwana wa makilogalamu 10 ndi gawo limodzi mwa magawo 7 a munthu wa makilogalamu 70, kutanthauza 14 pa 100 alionse. Koma mwa masamu a Kleiber, mphamvu yake yochotsa mankhwala ndi pafupifupi 23 pa 100 ya wamkuluyo. Mukampatsa 14 pamene thupi lake likutaya 23, ndowa ija siidzafika pa mzere.

Izi si zongolemba pa bolodi. Kwa zaka zambiri ana odwala TB ankalandira isoniazid wa mamiligalamu 5 pa kilogalamu, ngati akuluakulu. Atayamba kuyeza magazi a anawo anapeza kuti mankhwala anali ochepa kwambiri, ndipo mu 2010 WHO inakweza mlingo wa ana kufika pa mamiligalamu 10 pa kilogalamu. Rifampicin anakwera kuchoka pa 10 kufika pa 15, pyrazinamide kuchoka pa 25 kufika pa 35. Mapiritsi osungunuka m'madzi a mlingo watsopanowu anadzatuluka kumapeto kwa 2015. Zaka zapakatizo anamwino ankavutika kuthyola ndi kuphatikiza mapiritsi akale kuti masamu akwane.

Jakisoni wa artesunate wa malungo aakulu anayenda njira yomweyo. Mu 2015 WHO inanena kuti mwana wosakwana makilogalamu 20 azilandira mamiligalamu 3 pa kilogalamu, pamene wolemera kuposa pamenepo ndi akuluakulu amalandira 2.4. Mwana wa makilogalamu 10 ndiye kuti alandira 30, osati 24. Kuno kwathu, kumene mawodi a ana amadzaza ndi malungo mvula ikangoyamba, kusiyana kwa mamiligalamu 6 kumeneko si kochepa.

Bwanji mlingo woyamba nthawi zina umakhala waukulu kuposa yotsatira?

Chifukwa ndowa yopanda kanthu imayamba yadzazidwa. Mlingo woyambawo umatsatira kukula kwa malo amene mankhwala akukamwazikamo, pamene yotsatirayo imangobwezera amene atuluka. Khanda lokomoka limapatsidwa phenobarbitone wa mamiligalamu 20 pa kilogalamu poyamba, kenako mamiligalamu 5 okha pa kilogalamu pa tsiku. Kupanda kutero mankhwala ochedwa kuchoka ngati amenewa angatenge masiku ambiri kuti afike pa mulingo woletsa kukomoka.

Palinso china. Thupi la khanda ndi madzi pafupifupi 75 pa 100, la wamkulu pafupifupi 60. Mankhwala osungunuka m'madzi amasukuluka kwambiri mwa khanda, choncho sungachepetse jakisoni aliyense mopitirira. Nthawi zambiri njira yabwino ndi kutalikitsa mpata.

Chofunika kwambiri n'chiti, zaka kapena sikelo?

Kwa khanda zonse ziwiri, kuphatikizapo masabata amene mimba inali nawo pobadwa. Kwa mwana wokulirapo sikelo ndiyo imatsogola, ndipo ikhale ya lero, osati imene inalembedwa m'buku la kusikelo miyezi inayi yapitayo. Kungomuyang'ana mwana n'kunena kuti "uyu ndi wa makilo 15" kumanamiza, ngakhale kwa amene agwira ntchitoyi zaka zambiri.

Pofuna kuchepetsa masamu pamzere wautali, mankhwala ambiri anawaika m'magulu a sikelo. LA ndi amene aliyense amamudziwa chiyambire 2007 pamene dziko la Malawi linasiya Fansida ngati mankhwala oyamba a malungo: makilogalamu 5 mpaka osakwana 15 piritsi limodzi, 15 mpaka osakwana 25 awiri, 25 mpaka osakwana 35 atatu, 35 kupita m'tsogolo anayi, kawiri pa tsiku kwa masiku atatu.

Tsiku lina mayi wina anafika pawindo ndi mwana kumbuyo, wina wamkulupo atamugwira chitenje. Woyezedwa ndi kupezeka ndi malungo anali wamkuluyo, makilogalamu 17. Atalandira paketi yake mayiyo anaiyang'ana, n'kufunsa motsitsa mawu:

"Adokotala, ang'onowa nawonso thupi likutentha. Ndingawagawireko limodzilimodzi?"

"Ayi amayi. Mukatero onse awiri sachira. Bwererani nawo akayezedwe kaye, mzere ndikusungirani."

Sanafunse mwaulesi. Kwawo kunali kutali, ndipo ankawerengera ulendo. Koma piritsi limodzi kwa mwana wa makilogalamu 17 ndi theka chabe la mlingo wake, lokwanira kutsitsa kutentha kwa masiku angapo n'kusiya tizilombo tina tamoyo.

Mundiwerengereko Panado wamadzi, ndione mmene zimakhalira.

Mlingo wodziwika ndi mamiligalamu 10 mpaka 15 pa kilogalamu, osabwereza maola 4 mpaka 6 asanadutse, ndipo osapitirira kanayi pa maola 24. Mwana wa makilogalamu 12, tikatenga 15, afunika mamiligalamu 180. Ngati botolo lalembedwa 120 mg/5 ml, amenewo ndi mamililita 7.5.

Tsopano werengani botolo lanu. Alipo ena olembedwa 250 mg/5 ml. Achibale a ku Britain akatumiza Calpol, dziwani kuti alipo wa mitundu iwiri: wa ana aang'ono wa 120, ndi wa oyambira zaka 6 wa 250. Mamililita 7.5 omwe aja mukawatunga mu botolo lachiwirili ndi mamiligalamu 375, kuposa kawiri mlingo woyenera. Zolakwika zambiri zimachitikira apa, posintha mamiligalamu kukhala mamililita, komanso pa kadontho ka pakati pa manambala, pamene 0.5 wawerengedwa ngati 5.

Supuni ya tiyi ya kukhitchini si muyezo. Ina imalowa mamililita atatu, ina asanu ndi awiri. Pemphani sirinji yopanda singano kapena kakapu kolembedwa mizere. Onaninso mankhwala a chimfine ndi chifuwa ogula m'sitolo, chifukwa ambiri muli kale paracetamol, ndipo mukaphatikiza ndi Panado mwamwetsa kawiri chinthu chimodzi.

Mwana akutsegula m'mimba ndipo sakukodza bwino. Zikukhudzana ndi mankhwala?

Kwambiri. Thupi likauma, magazi opita ku impso amachepa, bowo la ndowa lija limafinyika. Mankhwala otuluka mumkodzo amayamba kuunjikana pa mlingo womwe dzulo unali wabwinobwino. Ibuprofen, amene ambiri timangoti Bufeni, amachepetsanso magazi opita ku impso, choncho mwana wosanza, wotsegula m'mimba kapena wokana kumwa musamupatse. Mpatseni Thanzi ORS, pitirizani kuyamwitsa, ndipo mupite naye kuchipatala.

Mu wodi mukaona namwino waimirira ndi sirinji m'manja n'kufunsa kuti, "Amayi, mwanayu wakodza chiyambire m'mawa? Thewera mwasintha kangati?", sakuchedwetsa dala. Yankho lanu ndi limene limuuze ngati abaye tsopano kapena ayambe waitana adokotala. Musayankhe kuti eya pofuna kuti zithe msanga.

Kodi pali njira yoyezera mphamvu ya impso za mwana?

Ilipo, poyeza creatinine m'magazi. Koma nambala yake imafuna kuiwerenga ndi maso a dokotala wa ana. Creatinine amachokera mu minofu, ndipo mwana ali ndi minofu yochepa, choncho nambala yake yabwino ndi yotsika kuposa ya wamkulu. Masamu a Schwartz amene ambiri amagwiritsa ntchito amati: tengani 0.413, chulukitsani ndi kutalika kwa mwana mu masentimita, gawani ndi creatinine wa mu mg/dl. Mwana wa masentimita 100 amene creatinine wake ndi 0.4 apeza 103, zomwe zili bwino. Akakhala 0.8 apeza 52, ndiye kuti impso zikugwira theka la ntchito. Komatu 0.8 yemweyo pa pepala la ku labu amaoneka wabwino, poti malire osindikizidwa pamenepo kawirikawiri ndi a akuluakulu.

Kwa khanda la masiku awiri kapena atatu nambalayi imanamizanso mwa njira ina: creatinine amene ali m'magazi ake ndi wa mayi ake. M'zipatala zimene zili ndi zipangizo amayezanso gentamicin yemweyo m'magazi jakisoni wotsatira asanabayidwe. Kumene kulibe, timadalira sikelo, masiku a mwana ndi matewera.

Nanga ana onyentchera kapena otupikana?

Amenewa ndi ovuta kuposa onse. Mwana wotupikana sikelo yake ili ndi madzi amene si thupi lenileni, ndipo imatsika akayamba kuphwa, choncho amayezedwa tsiku lililonse. Chiwindi chake chimakhala ndi mafuta ndipo chimagwira ntchito mofooka. Mapuloteni a m'magazi amene amanyamula mankhwala ena amakhala ochepa. Matumbo sayamwa bwino. Creatinine amatsika chifukwa minofu yatha, n'kumaoneka ngati impso zili bwino pamene sizili bwino. N'chifukwa chake malangizo osamalira ana onyentchera kwambiri amachenjeza kuti mwana amene sakukodza asabayidwe gentamicin wachiwiri mpaka atakodza. Mwana amene ali pa chiponde musamugulire mankhwala ena kugolosale osauza a kuchipatala.

Mwana wonenepa kwambiri naye ali ndi yake. Mafuta a thupi sachotsa mankhwala, ndiye kuchulukitsa mamiligalamu ndi sikelo yake yonse kukhoza kupitirira ngakhale mlingo wa munthu wamkulu. Lamulo ndi lakuti masamu a mwana akafika pa mlingo wa wamkulu, amaimira pomwepo.

Mwana wanga ali pa ma ARV ndipo wayamba mankhwala a TB. Bwanji amuonjezera ARV wotchedwa dolutegravir?

Chifukwa rifampicin, uja amafiiritsa mkodzo, amachititsa chiwindi kupanga ma enzyme ochuluka, ndipo ma enzyme amenewo amaphwanya dolutegravir msanga. Bowo lakula, ndiye kamodzi pa tsiku sikukwaniranso. Mwanayo amamwa mlingo wake wa dolutegravir kawiri pa tsiku nthawi yonse ya mankhwala a TB, n'kupitirizabe masabata awiri atamaliza, popeza chiwindi sichibwerera mwakale tsiku lomwelo.

Dolutegravir wa ana, piritsi la mamiligalamu 10 losungunuka m'madzi, anafika ku Malawi mu 2021, ndipo amaperekedwa motsatira sikelo kuyambira khanda la masabata anayi lolemera makilogalamu 3: theka la piritsi mpaka makilogalamu osakwana 6, limodzi ndi theka mpaka osakwana 10, awiri mpaka osakwana 14, awiri ndi theka mpaka osakwana 20. Akafika 20 amasamukira ku piritsi la akulu la mamiligalamu 50. Mapiritsi osungunukawa amalowa m'magazi kwambiri kuposa omeza, choncho mamiligalamu awo sasinthanitsidwa limodzi kwa limodzi. Musathyole piritsi lanu kuti mupatse mwana lake likatha.

Mankhwala a khunyu monga phenobarbitone ndi carbamazepine nawonso amafulumizitsa chiwindi. Ndipo ngati agogo ampatsa mwana mankhwala azitsamba, nenani. Sitikufunsa kuti tikukalipireni. Tikufuna kudziwa chimene chiwindi ndi impso zasenza kale.

Ana awiri a msinkhu umodzi ndi sikelo imodzi angasiyanebe?

Eya, chifukwa cha chibadwa. Codeine payekha saletsa ululu kwenikweni. Chiwindi chimamusandutsa morphine kudzera mu enzyme yotchedwa CYP2D6. Anthu ena alibe mphamvu imeneyi, ndiye codeine sawathandiza. Ena ali nayo yopitirira, ndipo mlingo wamba umawapangira morphine wochuluka woimitsa kupuma. Ku Ethiopia anthu otere anapezeka kuti amafika 29 pa 100 alionse. Ana ena atamwalira pambuyo pa opaleshoni ya pakhosi, mayiko a ku Ulaya mu 2013 analetsa codeine ngati mankhwala a ululu kwa ana osakwana zaka 12, ndipo ku America mu 2017 analetsa codeine ndi tramadol kwa ana a msinkhu umenewo. Poti sitingadziwe pongomuyang'ana kuti mwana ali gulu liti, mankhwala a chifuwa okhala ndi codeine asayandikire mwana.

Bwanji Bactrim wa mwana wobadwa kwa mayi amene ali ndi HIV amadikira masabata 6?

Khanda limakhala likulimbana kale ndi bilirubin, uja amabweretsa chikasu, chifukwa chiwindi chake sichinazolowere kumuchotsa. Mankhwala a gulu la sulfa, monga Bactrim, amalanda malo amene bilirubin amamatirira m'magazi, ndipo akamasuka amatha kulowa mu ubongo. Izi zinaoneka ku New York mu 1956 pa makanda obadwa masiku asanakwane. Ceftriaxone nayenso amapewedwa kwa khanda la chikasu pa chifukwa chomwechi.

Wasanza atangomwa, kapena ndaiwala kumumwetsa. Nditani?

Pa LA, akasanza theka la ola lisanathe, dikirani pang'ono mumumwetsenso, kenako mukatenge mapiritsi ena olowa m'malo kuti masiku atatu akwane. Mumwetseni atadya kapena atayamwa, chifukwa LA amalowa bwino m'thupi pakakhala mafuta. Akamasanza chilichonse, akufunika jakisoni, osati kumukakamiza. Pa mankhwala ena funsani, poti malamulo ake amasiyana. Safunsa anadya phula. Mukhozanso kufunsa ku Chipatala Cha Pa Foni.

Mukaiwala, mumwetseni mukangokumbukira, pokhapokha ngati nthawi ya mlingo wotsatira yayandikira. Musaphatikize milingo iwiri.

Mwana wakhala pa mankhwala omwewo chaka chonse ali bwino. Pali chifukwa chosinthira?

Mwanayo wakula, mankhwala sanakule. Wa khunyu amene wakhala miyezi yambiri osagwa n'kuyambanso kugwa, nthawi zina si kuti matenda akula ayi, wangolemera makilogalamu atatu kuposa tsiku limene mlingo unawerengedwa. Wa ma ARV akadutsa malire a gulu lake la sikelo koma n'kumamwabe za gulu lakale, kachilombo kamapeza mpata wozolowera mankhwala. Choncho kukatenga mankhwala mwana atatsala kunyumba, ngakhale kumapulumutsa ndalama ya minibasi, kumamana anamwino mwayi womukweza pa sikelo.

Bwanji mapepala ena a mankhwala salemba n'komwe mlingo wa ana?

Chifukwa sanayesedwe pa ana. Kwa nthawi yaitali makampani ankayesa pa akuluakulu okha n'kungolemba kuti osapatsa ana, mpaka dokotala wina wa ku America, Harry Shirkey, m'zaka za m'ma 1960 anatcha ana kuti amasiye pa nkhani ya mankhwala. Malamulo okakamiza makampani kuyesanso pa ana anabwera mochedwa, ku America mu 2003 ndi ku Ulaya mu 2007, chaka chomwenso WHO inatulutsa koyamba mndandanda wa mankhwala ofunika a ana. Mankhwala akale ambiri, makamaka a makanda, mpaka lero madokotala amawapereka podalira mabuku a mlingo wa ana, osati kapepala ka m'bokosi. Mukaona dokotala akutsegula buku kapena foni asanalembe, musamukayikire. Woopsa ndi amene amalembera khanda za pamtima.

Ndikuganiza kuti mwana wamwa mankhwala ochuluka. Ndidikire ndione?

Musadikire. Panado wochuluka ndi wachinyengo: tsiku loyamba mwana akhoza kumasewera bwinobwino, kapena kungosanza pang'ono, pamene chiwindi chikuwonongeka, ndipo chikasu chimadzaoneka pa tsiku lachiwiri kapena lachitatu. Mankhwala oteteza chiwindi, acetylcysteine, amagwira bwino kwambiri akayambidwa maola 8 asanathe. Mapiritsi oonjezera magazi amene amayi oyembekezera amalandira kusikelo nawonso ndi oopsa kwa mwana wamng'ono, ndipo amaoneka ngati maswiti.

Musamusanzitse ndi chala kapena madzi amchere, ndipo musataye nthawi ndi mkaka kapena dzira laliwisi. Nyamulani botolo kapena paketi yomweyo, ngakhale yatha, werengani mapiritsi amene atsala, kumbukirani nthawi imene wamwa, ndipo mukafika nenani zimenezi pakhomo pomwe kuti asakuikeni pamzere. Tengani ndi buku lake la kuchipatala.